Lipoti la ntchito ya gulu la amayi pothandiza mabanja osamutsidwa ndi namondwe wa Ana ku Tete

Lipotili likufotokoza ntchito imene gulu lina la amayi odzipereka linagwira mumzinda wa Tete ku Mozambique, kutsidya la Zambezi kumene kuli Matundo ndi Chingodzi, kuyambira kumapeto kwa Januwale 2022 pamene mvula ya namondwe wa Ana inasefukiritsa mtsinje wa Revúbuè, kufikira nyengo yokolola ya chaka chomwecho. Ine wolemba ndinali mlembi wa gululi, ndipo ntchito imene ndinaphunzira ndi yoona za chisamaliro cha anthu m'madera. Ndalemba poyankha amayi a magulu ena a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize amene akhala akufunsa mmene tinkayendetsera zinthu, makamaka nkhani ya kalembera, imene yatenga malo aakulu m'lipotili. Mayina a anthu, a masukulu ndi a madera ang'onoang'ono sindinawatchule, popeza mabanja amene akukambidwa muno akadali komweko, ndipo ena mwa iwo anatiuza zakukhosi podalira kuti sizidzatuluka.

Chimene chinachitika

Namondwe wa Ana anafika pamtunda m'boma la Angoche, m'chigawo cha Nampula, pa 24 Januwale 2022, ndipo anadutsa ku Zambézia ndi kummwera kwa Malawi asanafike kuno. Mphepo yake sinali yoopsa ngati ya namondwe wa Idai wa mu 2019. Chimene chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba ku Tete chinali madzi. Mtsinje wa Revúbuè umachokera kumapiri a ku Angónia, umatsetsereka kudutsa m'boma la Moatize, n'kukathira mu Zambezi m'mphepete mwa mzinda. Mvula ikagwa mwamphamvu kumtundako, madzi ake amatsikira kuno onse nthawi imodzi, moti munthu wa ku Chingodzi akhoza kuona mtsinje ukukwerabe pamene mvula ya pakhomo pake yayamba kukata. Malo otsika a m'mbali mwa mtsinjewo, amene anthu anamangamo nyumba za zidina chifukwa ndiwo anali otsika mtengo, anamira m'maola ochepa. Nyumba ya zidina siichita kudikira kukokoloka: ikangokhala m'madzi usiku umodzi, makoma amanyowa kuchokera pansi n'kugumuka okha.

Mlatho wa pa Revúbuè, umene uli pamsewu wa N7 wopita ku Moatize ndi kumalire a Zóbuè, unaduka. Mlathowu unali utawonongekapo kale mu Malichi 2019, pamene mtsinje womwewo unasefukira kutatsala masiku ochepa kuti Idai agunde Beira, ndipo ena mwa mabanja amene anathawa madzi mu 2022 n'kuti akuthawa kachiwiri. Bwanamkubwa wa boma la Tete, José Maria Mandere, anamwalira m'masiku omwewo galimoto imene anakwera itakokoloka ndi madzi ali pa ntchito yoyendera malo owonongeka. Zimenezi ndazitchula kuti owerenga aone mmene zinthu zinalili ngakhale kwa akuluakulu a boma: nawonso anali ndi maliro, msewu waukulu unali woduka, ndipo ntchito inawachulukira. Bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, INGD, linatsegula misasa, yambiri m'masukulu, ndipo mabungwe monga Cruz Vermelha de Moçambique (Red Cross ya ku Mozambique) ndi a United Nations anayamba kufika ndi thandizo lawo.

Gululi ndi masiku oyamba

Gulu lathu linalipo kale namondweyu asanabwere. Linali la chipeleganyu, la amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato zochokera kumtunda, ambiri mwa iwo obadwira ku Angónia ndi ku Tsangano, a mipingo yosiyanasiyana. Kupatula kusonkha ndalama, amayiwa anazolowera kugwirira limodzi ntchito pamaliro, pamene wina amalemba chipepeso m'kope, wina amasunga ndalama, ena amagawana mafuwa, ndipo pamakhala mayi mmodzi wamkulu amene mawu ake amathetsa mkangano. Dongosolo lomweli ndi limene tinalitengera ku ntchito ya chigumula osasinthapo kanthu kwenikweni, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake tinayamba kuphika msanga popanda msonkhano wautali wosankhana maudindo.

Poyamba tinkaphika pamsasa wa pasukulu ina, phala m'mawa la ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, kenaka nsima ya nyemba masana. Ufa ndi ndiwo zinali za amayi eniakewo, zotapa pa katundu wawo wa malonda. Ntchitoyi inali yofunika pa nthawi yake, koma chakudya cha boma ndi cha mabungwe chitayamba kufika, miphika yathu inangokhala yowonjezera pa zimene zinalipo kale. Chimene chinatisintha maganizo ndi zimene amayi ophikawo ankaona akabwerera kwawo madzulo. Pafupifupi aliyense anali ndi woyandikana naye amene nyumba yake ya zipinda ziwiri inali itadzaza ndi abale othawa madzi, ndipo ena mwa amayi a m'gulu lathu anali nawonso alendo otere. Anthu amenewa sanali pamsasa uliwonse, choncho mayina awo sanali pamndandanda uliwonse.

Zifukwa zosapitira kumsasa zinali zomveka. Mayi wa ana aakazi osinkhuka safuna kuwagoneka m'kalasi imodzi ndi amuna osawadziwa. Munthu amene akumwa ma ARV mobisa amadziwa kuti pamsasa palibe chobisika. Nkhalamba yovutika kuyenda singapirire mzere wa kuchimbudzi, ndipo matenda a Covid-19 n'kuti akadalipo. Komanso kwathu kuno, m'bale wako akagwa m'mavuto iwe uli ndi denga, kumulola kukagona pasukulu n'kochititsa manyazi, ndipo anthu amakunena. Chovuta n'chakuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, chimanga cha chaka chatha chitatha ndipo chatsopano chisanache, mtengo wake pamsika uli pamwamba. Banja limene linkadya kawiri patsiku, likalandira banja lina lathunthu, linkayamba kudya kamodzi mlungu usanathe. Titakambirana zimenezi tinagwirizana kuti tisiye kuphika pamsasa ndipo tipite kumakomo.

Kalembera wa miphika

Mndandanda wa olandira thandizo kawirikawiri umalembedwa potsata mwini banja, ndipo amene amaulemba m'mizinda ya Mozambique ndi atsogoleri a m'dera, kuyambira secretário wa bairro (mlembi wa dera), chefe wa quarteirão (mkulu wa kagawo ka deralo), mpaka woyang'anira nyumba khumi. Njira imeneyi ndi yachangu, ndipo boma silingachitire mwina pamene anthu ofuna thandizo ndi ochuluka chotero, koma imasiya ena kunja, ndipo osiyidwawo nthawi zambiri amakhala amayi ndi ana. Mwamuna wa mitala amalembedwa kamodzi, thumba n'kupita kunyumba imene iye ali. Mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, kapena anatsala tsidya lina la mlatho woduka pa ntchito ya kumigodi ya malasha ku Moatize, amafunsidwa chiphaso cha mwamunayo, chimene iye alibe. Agogo olera adzukulu amasiye amawerengedwa ngati a m'banja la mwana wawo, chonsecho amaphika paokha. Wochita lendi sadziwika bwino kwa atsogoleri chifukwa mwina wangofika m'deralo miyezi yochepa yapitayo. Kuwonjezera apo, amene anathawira kwa abale anachoka m'dera limene atsogoleri amawadziwa n'kulowa m'dera limene madzi sanafike, kumene kunalibe wolemba mayina.

Ife tinasankha kuwerenga miphika. Pakhomo lililonse tinkafunsa kuti amaphika ndani, ndipo amene amadya za mumphika wakewo ndi angati. Dzina lolowa m'kope linali la wophikayo, amene nthawi zambiri anali mayi, ngakhale kuti analembedwanso abambo ena oferedwa akazi awo ndi atsikana ena olera azing'ono awo. Pansi pa dzinalo tinkalemba chiwerengero cha odya, ana osakwana zaka 5, oyembekezera, oyamwitsa, okalamba ndi olumala, dera limene banjalo linachokera, ndiponso ngati nyumba inagwa yonse, inang'ambika kapena inangolowa madzi. Za matenda sitinkalemba m'kope lalikulu. Zimenezo zinali pamasamba apadera osungidwa ndi amayi awiri okha, mmodzi wa iwo namwino wopuma pa ntchito.

Poyendera makomo amayi ankayenda awiriawiri, ndipo panalibe woyendera dera limene amakhala kapena nyumba ya m'bale wake. Mmodzi mwa awiriwo ankayenera kukhala wodziwa bwino Chinyungwe, chifukwa ngakhale gululi ndi la olankhula Chichewa, osamutsidwa ambiri anali eni mzinda, Anyungwe, ndipo ena anali Asena. Mfundo yothandiza onse mosasankha inavuta kuti tigwirizanepo. Amayi ena ankati popeza katundu akuchokera kwa abale athu akumtunda, ayambe alandira ndi anthu akwathu. Ena ankafuna kuti a mpingo wawo akhale patsogolo. Mayi wamkulu wa gululi anathetsa nkhaniyi pokumbutsa kuti ogula malonda athu tsiku ndi tsiku ndi Anyungwe omwewo, ndi kuti gulu likangodziwika kuti limasankha mtundu kapena mpingo, silidzalandiridwanso pakhomo la munthu. Ine ndinagwirizana nawo, ndipo ndinaonanso kuti kaundula wa Achewa okha akanatibisira mabanja ambiri a maukwati osakanikirana, amene m'madera amenewa ndi ochuluka.

Chiphaso sitinkachifunsa. Ziphaso za unzika (ma BI), makhadi ovotera ndi zikalata za kubadwa za anthu ambiri zinapita ndi madzi, ndipo palinso amayi obadwira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza amene anakwatiwa kuno kalekale osakhala ndi pepala la dziko lililonse. M'malo mwake tinkafuna umboni wa anthu awiri a kudera limene banjalo linachokera, osakhala abale ake. Kenaka mndandanda wonse unkawerengedwa mokweza pamaso pa olembedwawo, pabwalo la tchalitchi, tsiku logawa lisanafike. Kuwerenga mokwezaku kunathandiza kuposa njira ina iliyonse imene tinayesa, chifukwa dzina la munthu amene nyumba yake ili chiimire likatchulidwa, amayi sakhala chete, ndipo banja loiwalika limatchulidwa pomwepo ndi oyandikana nalo.

Ndi atsogoleri a m'madera tinayenda mosamala. Palibe dera limene tinalowa tisanakaonekere kwa secretário, kuwafotokozera cholinga chathu ndi kuwapempha kuti adzakhalepo pogawa. Ambiri anatilandira bwino, ndipo ena anatilozera okha makomo amene anali ndi alendo. Kope lokha ndi limene sitinkalisiya m'manja mwa munthu wa kunja kwa gulu. M'dera lina mtsogoleri wina anabwera ndi kapepala ka mayina oti tiwonjezere, ndipo tinawayankha mwaulemu kuti mayinawo tawalandira, tikayendera makomo awo monga tachitira ndi ena onse, ndipo tidzawawerenga pabwalo. Ena mwa mayinawo anapezeka kuti ndi a anthu ovutikadi ndipo analembedwa. Otsalawo mwiniwake sanawafunsenso.

Chifukwa china chosungira kope m'manja mwa amayi n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi. Mu Epulo 2019, Idai atadutsa, bungwe la Human Rights Watch linaulula kuti m'chigawo cha Sofala amayi ena ankakakamizidwa kugona ndi atsogoleri a m'madera kuti apatsidwe chakudya cha thandizo. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa nambala yaulere ya Linha Verde 1458 yoperekerapo madandaulo. Pa kugawa kulikonse tinkanena poyera, m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, kuti thandizo lililonse, kaya lathu, la boma kapena la mabungwe, ndi laulere ndipo palibe woyenera kupempha kanthu kuti alembe dzina la munthu. Nambalayo tinkailemba kuseri kwa kakhadi kamene mayi aliyense wolembedwa ankalandira.

Mfundo imene ndimaiona kuti inaposa zonse ndi yakuti banja losunga alendo nalonso linkalandira. Poyamba amayi ena ankaona ngati n'kuwononga katundu kupatsa munthu amene nyumba yake sinagwe. Koma mukapereka ufa kwa mlendo yekha m'nyumba imene eni ake atha kale thumba lawo lonse pomusunga, mwadzetsa chidani pakhomopo, chifukwa mlendoyo akaphika payekha aoneka womana, ndipo akapereka wonse kwa mwini nyumba ana ake adzadya mochita kupempha. Choncho pamene mabanja awiri ankaphika pamodzi tinkawawerenga ngati mphika umodzi waukulu, ndipo katundu ankaperekedwa amayi onse awiri ali pomwepo. Pamene ankaphika padera, aliyense ankalandira gawo lake, la mwini nyumba lochepako.

Katundu ndi kumene ankachokera

Katundu wambiri anachokera kumtunda komwe kunachokera madzi. Amayi anaimbira abale awo ku Ulongué, ku Dómuè ndi ku Tsangano, ndipo m'mipingo ya kumeneko anthu anasonkha chimanga, nyemba, soya ndi mbatata, ngakhale kuti nakonso mvula inali itawononga. Oyendetsa malole amene amatibweretsera katundu wa malonda ankanyamula matumbawo pamwamba pa katundu wawo, ena mwaulere, ena pongowathandiza mafuta. Popeza mlatho wa Revúbuè unali woduka, magalimoto ankazungulira pa mlatho wa Kassuende ku Benga n'kulowa mumzinda, ndipo katunduyo ankawolokanso Zambezi pa mlatho wa Samora Machel pa timagalimoto ting'onoting'ono kuti afike kwa ife. Ndalama zinkabwera pa M-Pesa ndi e-Mola, pa foni ya msungichuma, koma zinkatulutsidwa amayi ena awiri akuona. Uthenga uliwonse wa pafoni unkalembedwa m'kope tsiku lomwelo, ndipo Lamlungu lililonse madzulo kopelo linkawerengedwa kwa gulu lonse.

Chimanga tinkachigayitsa tisanagawe. Munthu amene nyumba yake yagwa alibe mtondo, alibe lichero, alibe ndalama ya kuchigayo, ndipo mukamupatsa chimanga chosagaya amagulitsako china kuti agayitse chotsalacho. Tinkagaya mgaiwa chifukwa suchedwa ndipo sutaya madeya. Ena anadandaula kuti anazolowera ufa woyera, koma dandaulo limeneli silinakhalitse. Nyemba zinali ndi vuto lake, loti zimatha makala, amene anali atakwera mtengo chifukwa cha mvula ndi misewu yoduka. Tinkalangiza kuti aziziviika m'madzi usiku, ndipo ndalama zikalola tinkagula kapenta wa ku Cahora Bassa, amene amapsa msanga.

Zovala zakale zinabwera zochuluka kuposa china chilichonse, ndipo n'zimene zinathandiza pang'ono. Kuzisankha kunatitayitsa nthawi, ndipo zambiri zinali zong'ambika kapena majuzi a kuzizira kwa ku Angónia amene munthu sangavale m'kutentha kwa Tete. Chimene mayi aliyense ankapempha chinali chitenje. Chitenje amavala, amafunda, amaberekera mwana, amatchingira pakati pa chipinda chogona mabanja awiri, amasefera madzi, ndipo chikang'ambidwa chimakhala nsalu za kumwezi, zimene mayi sangazipemphe pagulu pamaso pa amuna. Pambuyo pa chitenje ankafuna poto, ndowa ya chivundikiro, sopo ndi neti yoteteza ku udzudzu, popeza madzi odikha m'maenje anachulukitsa malungo.

Zitsime zambiri za m'malo otsika zinasakanikirana ndi zimbudzi zimene zinagumuka. Mlingo umene mabungwe amatsata pa nthawi ya ngozi ndi malita 15 a madzi pa munthu patsiku, koma m'makomo osunga alendo panalibe woyeza zimenezi, ndipo nyumba imene imagula madzi pa chigubu sikanatha kuwirikiza ndalama ya madzi pamene ya ufa ikusowa. Anthu ankabwerera ku zitsime zokayikitsa zija. Tinkagawa Certeza, mankhwala a klorini otetezera madzi akumwa, n'kusonyeza kathiridwe kake pakhomo pomwepo, kuphatikizapo kudikira mphindi 30 madzi asanamwedwe, ndiponso kapangidwe ka madzi a wotsegula m'mimba, komwe ndi lita imodzi ya madzi otetezedwa, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere.

Nkhani ya banja limodzi

Mayi wina wa zaka za m'ma 30, wobadwira ku Tsangano, mkazi wachiwiri pa mitala, anali ndi ana anayi, wamng'ono woyamwa. Nyumba imene ankachita lendi inagwa usiku wa chigumula, ndipo anathawira kwa mkulu wake amene amakhala ndi mwamuna ndi ana awo kumalo okwera. Mwamuna wa mayiyu anapita kumsasa pamodzi ndi mkazi wamkulu, ndipo kumeneko analembetsa ana a nyumba zonse ziwiri pa dzina lake. Choncho pamapepala mayiyu ndi ana ake ankaoneka ngati akulandira chakudya, chonsecho palibe ngakhale kapu ya ufa imene inafika kwa iwo.

Amayi athu atafika pakhomopo anapeza mwana woyamwayo akutsegula m'mimba, ndipo alamu ake a mayiyu anali atanena kale kuti alendowo apeze kolowera mlungu ukamatha. Bambowo sanali munthu wankhanza. Ankagwira ganyu yopakira ndi kutsitsa katundu m'malole, ganyuyo inali itaima chifukwa cha mlatho, ndipo odya m'nyumba mwawo anali atawirikiza. Amayiwo atabwereranso, namwino wathu anakhala ndi mayiyu pambali, ndipo iye anaulula kuti khadi lake la kuchipatala ndi botolo la ma ARV zinapita ndi madzi, kuti padutsa masiku asakumwa, kuti ankaopa kupita kuchipatala chimanjamanja poganiza kuti akamukalipira, ndiponso kuti sankafuna kuti mkulu wake adziwe.

Mwanayo anayamba kumwetsedwa madzi a mchere ndi shuga tsiku lomwelo, akupitiriza kuyamwa. M'mawa mwake namwino anaperekeza mayiyu kuchipatala chimene ankalandirirako mankhwala, atanena kunyumba kuti akupita ndi mwana kusikelo, zimene zinalinso zoona. Kuchipatala anamupeza m'mabuku awo popanda vuto, anamupatsa mankhwala ndi khadi latsopano, ndipo mwanayo anamuona ndi kumulembera tsiku lobwereranso. Nyumbayo tinailemba ngati mphika umodzi wa mabanja awiri, ndipo katundu anaperekedwa kwa mayiyu ndi mkulu wake pamodzi, alamu aja akuona. Nkhani yothamangitsa alendo sinamvekenso.

Nkhani ya mwamunayo inali yovutirapo. Amayi ena ankafuna kukamunenera kwa oyang'anira msasa, koma mayiyu anakana, poopa kuti mwamunayo akachotsedwa pamndandanda ana a mkazi mnzake avutika, ndipo mlandu wonse udzakhala pa iye. Tinalemekeza maganizo akewo, ngakhale kuti si amayi onse amene anakhutira. Njira imene inatsala inali ya kwathu. Mayi wamkulu wa gulu anaimbira amalume ake a mayiyu ku Tsangano, amene ndiwo eni mbumba, ndipo iwo analankhula ndi ankhoswe a kuchimuna. Zotsatira zake zinali zapakatikati: mwamunayo anayamba kutumiza ufa pang'ono, mafuta ndi nyemba sizinafikeko, ndipo msasa utatsekedwa anasiyiratu.

Mayiyu anakhala kwa mkulu wake mpaka mu Epulo. Gulu linamubwereka mpamba wochepa wa tomato, mkulu wakeyo ndiye anamuimira, ndipo anabweza wonse. Pano ali m'chipeleganyu chathu. Nyumba imene akuchita lendi tsopano ili m'dera lotsika lomwe lija, chifukwa n'kokhako kumene lendi yake angaikwanitse.

Misasa itatsekedwa

Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba chakumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, choncho misasa ya m'masukulu sikanatha kukhalitsa. Anthu atayamba kutuluka m'makalasi, ena anapita kumalo ena okonzedwa ndi boma, ena anakamanga zisakasa pa mabwinja a nyumba zawo, ndipo ena analowa m'makomo a abale, moti kope lathu linakula pa nthawi imene thandizo la kunja linkachepa. Pa 11 Malichi namondwe wa Gombe anagunda chigawo cha Nampula, ndipo mabungwe anathamangira kumeneko, monga zinayenera kukhalira. Cha nthawi yomweyo mafuta ophikira anakwera mtengo nkhondo ya ku Ukraine itayamba, ndipo ife tinasiya kuwagawa.

Pa nkhani ya malo atsopano gulu lathu linalibe mphamvu, ndipo sitinalonjeze aliyense kanthu. Mabanja ena a chigumula cha 2019 anali atapatsidwa malo ku Chimbonde, choncho anthu ambiri ankayembekezera zofananazo. Mmene tinaonera, kusamutsidwa kumayendera bwino munthu amene anali ndi nyumba yakeyake, pamene wochita lendi amatsala pakati, chifukwa nyumba yogwayo sinali yake, ngakhale kuti zonse zimene zinali m'katimo zinali zake. Ngakhale wopatsidwa malo, ngati amadalira dimba la m'mbali mwa mtsinje kapena msika wapafupi, amakopeka kubwerera. Mndandanda wa ochita lendi tinaupereka ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mayina a okhawo amene anavomera.

Amayi a m'gulumo nawonso anatopa. Aliyense amadyetsa banja ndi benchi yake kumsika, ndipo tsiku loyendera makomo linali tsiku losagulitsa. Amuna ena anayamba kudandaula. Tinakonza zoti amayi azisinthana masiku a ntchito ya gulu, ndipo amene wapita kumakomo, oyandikana naye kumsika azimugulitsira katundu wake. Chipeleganyu chinaima kaye mogwirizana mpaka malonda atabwerera mwakale. Palibe amene analipidwa, ndipo mayi wa m'gulu amene anali ndi alendo kwake ankayenderedwa ndi kulembedwa ndi anzake monga wina aliyense, osakhalapo pamene za khomo lake zikukambidwa. Kugawa kunatha chimanga chatsopano chitayamba kufika m'misika n'kutsika mtengo. Mapoto aakulu, ndowa ndi kope zikusungidwa kwa amayi osiyanasiyana okhala kumalo okwera, ndipo masamba a za matenda aja anawotchedwa.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atabweretsa madzi osefukira ku Mutarara ndi ku Doa, amayi ena anafuna kuti tinyamule kope lathu tipite kumeneko. Titakambirana tinaona kuti sizikanatheka. Kalembera wa miphika amadalira amayi odziwa makomo, otha kuzindikira amene akunama ndi amene akubisa vuto chifukwa cha manyazi, ndipo ku Mutarara ife tikanakhala alendo osamva bwino Chisena, pa nthawi imene kolera inali itafala m'chigawo chino. Tinasonkha zitenje, sopo ndi ndalama, tinazitumiza kudzera kwa amayi a mipingo ya kumeneko pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza kalembedwe ka kope, ndipo za kagawidwe tinawasiyira eni dera.